Mkuwa susanduka golide

Mu Ogasiti 2023, pabwalo la ndege la Kenneth Kaunda anagwira ndege yochokera ku Cairo itanyamula zidutswa 602 zonyezimira ngati golide. Atazipima anapezamo mkuwa, zinki, nickel ndi tin. Ife ophunzitsa chemistry sitinadabwe, chifukwa chinyengo chimenechi n'chakale kuposa ndege.

Gwero lake ndi nzeru ya anthu ophunzira. Empedocles, Mgiriki wakale, ankati chilichonse n'chopangidwa ndi dothi, madzi, mpweya ndi moto. Aristotle anawonjezera kuti zinayizi zimasiyana pa kutentha, kuzizira, chinyezi ndi kuuma. Ngati zili choncho, bwanji osangosintha kasakanizidwe kake, mtovu n'kusanduka golide? Zolemba za Jabir ibn Hayyan zinkati zitsulo zonse zimabadwa kwa sulufule ndi mercury, ndipo Paracelsus anadzawonjezapo mchere. Ofuna kusandutsa zitsulo kukhala golide anapatsa chitsulo chilichonse chinthu chake cha kumwamba: golide dzuwa, siliva mwezi, mkuwa Venus, mtovu Saturn.

Sindilola ana a m'kalasi mwanga kuwaseka anthu amenewa. Pofunafuna golide ananola luso lotcheza, longa lija la ophika kachasu, n'kupeza maasidi amene tikugwiritsabe ntchito. Pamene anaphonya ndi poika zinthu m'magulu potengera zimene diso ndi dzanja zikuwauza. Ngakhale Lavoisier, pamndandanda wake wa maelementi 33 mu 1789, anaikamo kuwala ndi kutentha.

Lero tikudziwa maelementi 118, ndipo chowasiyanitsa ndi chiwerengero cha mapulotoni mkati mwa atomu. Mkuwa wa ku Chingola uli ndi 29, golide 79, mtovu umene unawononga dothi la ku Kabwe 82. Moto wa ng'anjo kapena asidi sizifika kumene kuli mapulotoniwo. Wiritsani mpaka tambala alire, mkuwa ukhalabe mkuwa.

Chimene moto ungathe ndi kusakaniza. Mkuwa ukakumana ndi zinki umatuluka wachikasu, wokongola ndithu. Ndiye mnyamata akakutsatirani pa Intercity mukudikira basi ya ku Chipata, n'kukufunyululirani mphete m'kapepala uku akunong'ona kuti "Bosi, ni golide", musakhulupirire maso. Ikhale pachala masiku angapo otuluka thukuta, khungu lidzabiriwira. Koma musanatulutse ndalama, iponyereni m'manja: golide amalemera kuposa kawiri mkuwa wa msinkhu womwewo.