Chakudya Chabwino ndi Thanzi la Ophunzira

Anzathu ophunzira, lero tiwerenga za chakudya. Munthu amalima, amaphunzira ndi kulera ana ndi mphamvu yochokera m'chakudya. Koma kukhuta kokha sikukwanira. Mwana angadye nsima tsiku lililonse nakhalabe wodwala. Wina angakhale wonenepa kwambiri nakhalanso wodwala. Tiyeni tione chifukwa chake.

Kodi mavitamini ndi chiyani?

Mavitamini ndi tinthu tating'ono kwambiri topezeka m'zakudya. Sitioneka ndi maso. Thupi limatifuna pang'ono pokha, koma tikasowa munthu amadwala. Palinso michere ina yofunika, monga ayironi ndi ayodini.

Vitamini A imateteza maso ndi kulimbitsa thupi ku matenda. Mwana wosowa vitamini A saona bwino kukayamba mdima, ndipo chikuku chimamugwira mwamphamvu. Vitamini A timaipeza m'mango, mapapaya, maungu, mazira, chiwindi ndi masamba obiriwira monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi kholowa. Mbatata yachikasu mkati ili ndi vitamini A wambiri. Mayi Maria Andrade, katswiri wa zaulimi amene anagwira ntchito yofalitsa mbatata imeneyi m'Mozambique, analandira mphoto ya World Food Prize mu 2016 pamodzi ndi anzake atatu. Vitamini A imalowa bwino m'thupi ikakhala ndi mafuta. N'chifukwa chake ndiwo zotendera ndi nsinjiro zili bwino kuposa zongofwafwaza.

Vitamini C imathandiza zilonda kupola ndi kulimbitsa nkhama. Ili m'malambe, masau, magwafa, malalanje ndi tomato. Masamba akaphikidwa nthawi yaitali, vitamini C imaonongeka.

Ayironi imapanga magazi. Wophunzira wochepa magazi amatopa msanga, amamva chizungulire, ndipo sagwira bwino zimene aphunzitsi akunena. Atsikana amene anatha msinkhu amasowa ayironi kawirikawiri chifukwa amataya magazi mwezi ndi mwezi. Ayironi ili m'nyama, chiwindi, nyemba, usipa, kapenta ndi masamba. Chipatso chodyera pamodzi ndi nyemba chimathandiza ayironi kulowa m'thupi. Tiyi womwera pa chakudya amaitsekereza.

Ayodini imathandiza ubongo wa mwana kukula. Ikasowa, khosi limatupa. Tigule mchere wolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo tiusunge m'chitini chotseka.

Phunziro la pelagra

Chimanga chokha sichipatsa thupi vitamini yotchedwa niasini yokwanira. Munthu akamadya nsima yopanda nyemba, mtedza kapena nsomba kwa miyezi yambiri amadwala pelagra. Khungu limada ndi kusenda pakhosi ndi pamikono pamene pamaomba dzuwa. Amatsegula m'mimba, ndipo mutu umasokonezeka.

Mu 1990, abale athu amene anathawa nkhondo nakhala m'misasa ku Malawi anadwala nthenda imeneyi. Odwala anali pafupifupi 18,000. Mtedza unali utasiya kubwera m'chakudya chimene ankalandira. Mu 2019, namondwe Idai ataononga minda, pelagra inaonekanso m'chigawo cha Sofala. Tiphunzirepo apa: munda wa chimanga ukhalenso ndi nyemba, nandolo ndi mtedza. Tisagulitse mtedza wonse kusiya ana opanda nsinjiro.

Mapiritsi a mavitamini

Pali anthu amene chakudya chokha sichiwakwanira. Kuchipatala, ana a miyezi 6 mpaka 59 amalandira vitamini A miyezi 6 iliyonse. Amayi apakati amalandira mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi. Amenewa ndi othandiza, ndipo tiwamwe monga anamwino atiuzira. Chimbudzi chikada pomwa ayironi, tisaope ndipo tisaleke. Kuyambira 2016 lamulo la dziko lathu limalamulanso mafakitale kuonjezera mavitamini ndi michere mu ufa wa chimanga, ufa wa tirigu, mafuta ophikira ndi shuga.

Koma pamsika ndi pa intaneti pali ogulitsa mabotolo amene amati amapatsa nzeru za mayeso, amanenepetsa kapena amaondetsa. Tichenjere. Palibe piritsi lopatsa nzeru mwana amene akudya bwino. Vitamini A ndi vitamini D zikachuluka zimasungika m'thupi ndipo zimavulaza. Vitamini A wochuluka angaononge mwana amene ali m'mimba. Mankhwala ena onenepetsa amatupitsa nkhope ndi mimba, nakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Ndalama ya botolo limodzi ingagule mazira, nyemba ndi usipa wa masiku ambiri.

Kunenepa kwambiri

Ambiri timati wonenepa ndiye wopeza bwino. Timamuyamika kuti akusungidwa bwino. Koma kunenepa kopitirira muyeso ndi chiyambi cha matenda. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko anali wonenepa kwambiri. Kwathu kuno mavuto alipo awiri. Kafukufuku wa dziko wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Pa nthawi yomweyo kunenepa kukuchuluka, makamaka m'matauni.

Thupi likalandira chakudya choposa ntchito imene likugwira, limasunga chotsalacho ngati mafuta. Zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, mabisiketi, mandazi ndi tchipisi zili ndi shuga kapena mafuta ambiri, koma mavitamini ochepa. Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera chingakhale ndi shuga wokwana tisupuni 8. Motero mwana angakhale wonenepa koma wochepa magazi.

Mafuta akachuluka, makamaka pamimba, thupi limalephera kugwiritsa bwino ntchito shuga wa m'magazi. Apa pamayambira matenda a shuga. Zizindikiro zake ndi ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kutopa ndi zilonda zosapola msanga. Mtima umagwiranso ntchito yolemetsa ndipo magazi amathamanga. Nthenda imeneyi nthawi zambiri siimveka kuwawa, koma ingapumitse ziwalo kapena kupha mwadzidzidzi. Muyeso ukamafika 140/90 kapena kuposa, tionane ndi achipatala. Mawondo ndi msana zimavutikanso ndi kulemera.

Tiwerengere pamodzi

Munthu wamkulu angadziyese chonchi. Achulukitse msinkhu wake wa m'mamita ndi msinkhu womwewo. Kenaka agawe makilo ake ndi yankholo. Mayi wa makilo 80 ndi msinkhu wa mamita 1.6: 1.6 kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56. Tikagawa 80 ndi 2.56 tipeza 31. Kuyambira 25 munthu wayamba kulemera kopitirira. Kuyambira 30 ndi wonenepa kwambiri. Ana ndi achinyamata ali ndi muyeso wawo wa kuchipatala wotsata zaka zawo.

Tichite chiyani?

Mwana adye asanapite kusukulu: phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata. Timupatse chipatso, mtedza wokazinga kapena chimanga chowotcha m'malo mwa ndalama ya maswiti. Amwe madzi abwino. Mchere wa munthu wamkulu usapitirire tisupuni imodzi pa tsiku. Mwana wa sukulu asewere mpira, athamange kapena ayende kwa ola limodzi tsiku lililonse. Mwana wonenepa tisamuseke ndipo tisamumane chakudya. Banja lonse lisinthe kadyedwe pamodzi.

Amene wadziwa kuwerenga angawerenge khadi la sikelo la mwana wake ndi zolembedwa pa paketi ya mchere. Zimene taphunzira tikauze anzathu kumudzi.

Mafunso okambirana

1. Tchulani zakudya zitatu za m'dera lanu zimene zili ndi vitamini A.
2. Chifukwa chiyani nsima yokha imabweretsa pelagra?
3. Ndani ayenera kulandira mapiritsi a ayironi, ndipo awalandire kuti?
4. Kodi ana a pasukulu yanu amagula chiyani pa nthawi yopuma? Tingasinthe bwanji?