Timagetsi ta Khirisimasi pa golosale: tikusaka ndalama za ndani?

Disembala ikangofika pakati, magolosale a pa Jali, pa Govala mpaka ku doko la Kachulu amasintha nkhope. Khoma lomwe chaka chonse linali lotuwa ndi fumbi lapakidwa laimu. Pakhomo palendewera mabaluni, pawindo pazungulira timagetsi tophethira, ndipo sipika yomwe inkangokhala pa shelefu yatulutsidwa panja. Ambirife timangoti eni ake asangalala ndi nyengo. Mwina ena asangalaladi. Koma munthu wa bizinesi satulutsa ndalama yogulira baluni popanda kuwerengera kuti ibwerera bwanji, ndiye ndati lero tione bwinobwino mmene zimenezi zimagwirira ntchito kuno kwathu.

Tiyambe ndi ndalamayo, chifukwa apa ndi pomwe pali nkhani. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, Disembala si mwezi wa chuma. Nyanja imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuti nsomba ziswane, ndiye matemba ndi makumba sabwera monga amabwerera miyezi ina, ndipo aliyense amene amadya kudzera pa nsomba, kuyambira wowamba, wa kabaza mpaka mayi wophika nsima pa doko, amaimva. Chimanga m'nkhokwe chimakhala chikutha. Kumunda kukufunika feteleza, ndipo Januwale akubwera ndi zofuna za sukulu. Ndiye wa golosale akukongoletsera ndani?

Yankho ndi loti ndalama ilipo, koma imabwera kwa masiku ochepa kwambiri. Magulu ambiri a banki mkhonde amagawana ndalama zawo kumapeto kwa chaka. Abale athu ali ku Joni amatumiza kangachepe pa Mukuru, ena pa Airtel Money kapena Mpamba. Ogwira ntchito ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Lilongwe amabwera kumudzi, ndipo palibe amene amafuna kuoneka ngati tauni yamukana. Ndalama yonseyi imatuluka m'masabata awiri kapena atatu basi. Pa msika pamene pali magolosale khumi ogulitsa shuga yemweyo, mafuta ophikira omwewo ndi Sobo yemweyo pa mtengo wofanana, chosiyanitsa n'chakuti diso lako lagwera pati poyamba. Zokongoletsa zija ntchito yake ndi imeneyo.

Chida champhamvu kuposa zonse kuno ndi kuwala. Ku Chichiri Mall ku Blantyre mtengo wa Khirisimasi umapikisana ndi magetsi ena ambirimbiri. Kuno ayi. Malo ambiri amadalira sola ndi batire, ndipo komwe ESCOM inafika nako kuthimathima sikusowa. Dzuwa likalowa, shopu imene ili ndi timagetsi ta mitundumitundu imaonekera patali, ndipo anthu amakhamukira pomwe pali kuwala ngakhale alibe cholinga chogula. Ukaimapo mphindi makumi awiri ukucheza, umapezeka wagula mayunitsi, kenako ka Fanta. Timagetsi ta LED sitidya moto wambiri, batire imodzi imatikwanira usiku wonse, n'chifukwa chake ngakhale okala yaing'ono imatha kutiyatsa. Zoseketsa n'zakuti mvula ikagwa, kuwala komweko kumaitananso ngumbi, ndiye ana amabwera ndi mabeseni. Wa shopu wanzeru sawathamangitsa. Gulu limaitana gulu.

Anawo ndiwonso amene mabaluni akufuna. Bambo sangasinthe njira chifukwa cha baluni, koma mwana amakoka dzanja la mayi ake mpaka alowe. Taonani komwe maswiti, mabisiketi ndi timfuti tapulasitiki zimaikidwa sabata ya Khirisimasi: m'munsi, pamene diso la mwana wa zaka zisanu likufika. Katundu wa akuluakulu naye amasuntha. Mpunga, shuga, mafuta ndi mabotolo a Sobo zimasanjidwa pamodzi pafupi ndi khomo, mulu waukulu, kuti uone chakudya cha pa 25 Disembala chonse pamalo amodzi n'kukumbukira chomwe sunagule. Mulu waukulu umanenanso chinthu china osalankhula: pano katundu satha, ndiye usavutike kukwera galimoto kupita ku Zomba.

Nyimbo nazo si zongosangalatsa. Mu 1982 katswiri wina wa ku America, Ronald Milliman, anapeza kuti nyimbo zodekha zikamalira mu supamaketi anthu amayenda pang'onopang'ono n'kugula zambiri. Kunotu sipika imagwira ntchito ina: si yoti uchedwe mkati, ndi yoti umve uli kutsidya la msewu. Pa tsiku la msika zimafika poti masipika atatu akulira nthawi imodzi, wina kwaya, wina amapiano, osamva ngakhale mtengo womwe akukuuza. Ineyo apa ndimaona ngati onse atatu akungoluza.

Kumalo odyera masewera ake ndi ena. Tiyirumu kapena lesitilanti ya kuno imagulitsa zinthu zoti munthu akhoza kuphika kwawo, ndiye chomwe ikugulitsa pa Khirisimasi ndi kumva kuti watuluka. Nsalu yatsopano ya pulasitiki pa tebulo, maluwa ogula, katani pakhomo, bolodi yolembedwa ndi choko kuti lero kuli mpunga wa nkhuku. Mpungawo mwina ndi wa ku sikimu ya Likangala kapena ya Domasi womwewu, koma ukaudyera pansi pa timagetsi mtengo wake umakhala wina, ndipo sudandaula. Anyamata ena a bizinesi aphunziranso kusiya khoma limodzi lokongola bwino loti anthu azijambulitsapo. Iwe ukaika chithunzicho pa WhatsApp kapena pa Facebook, anzako onse aona malowo, mwini wake osalipira kalikonse. Tonse amene timakonda kuponya zithunzife ndife otsatsa malonda aulere, tingovomereza.

Chinthu chimodzi chomwe anthu a m'tauni sachidziwa n'chakuti dera lino lili ndi Asilamu ambiri, ndipo nawonso ndi makasitomala. N'chifukwa chake pa shopu simuona kawirikawiri chithunzi cha khola la ku Betelehemu. Zimenezo zimatsala kutchalitchi. Wa bizinesi amasankha mabaluni, magetsi ndi mawu oti chaka chabwino chatsopano, zomwe sizithamangitsa aliyense. Pa lesitilanti, kudziwika kuti nkhuku yake inazingidwa ndi Msilamu kumabweretsa anthu ambiri kuposa mtengo wa Khirisimasi uliwonse.

Nanga madala a ndevu zoyera aja, Father Christmas, anafika bwanji pa khoma la golosale ya ku Kachulu atavala chijasi pamene ife tikutuluka thukuta? Kampani ya Coca-Cola sinawayambitse, koma kuyambira 1931 inkawajambulitsa kwa Haddon Sundblom pa malonda ake chaka ndi chaka, mpaka chithunzi chimenecho chinafala dziko lonse. Timagetsi ta pa mtengo tinayamba ku New York mu 1882, pamene Edward Johnson, mnzake wa Thomas Edison, anayatsa mababu pa mtengo kunyumba kwake. Ndiye kuti zinthuzi ndi malonda zakhala zikuyendera limodzi kuyambira kale. Chathu chenicheni ndi laimu wa pa khoma, kusesa pabwalo ndi masamba a kanjedza pakhomo, zomwe agogo athu ankachita kale mlendo akamabwera.

Tsopano, amalipira ndani? Zokongoletsa zambiri n'zochokera kunja, makamaka ku China, ndipo ogulitsa akuno amakazipikula ku Limbe kapena mu Zomba. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wotere anakwera limodzi ndi china chilichonse. Mukayang'anitsitsa muona kuti mashopu ambiri akungotulutsa za chaka chatha, tina mwa timagetsi titafa kale. Wa golosale yaing'ono akagula zatsopano, ndalamayo yachoka pa mpamba wake, ndipo ayenera kuibweza Januwale asanafike, chifukwa Januwale kuno amagula pa ngongole. Akaoda katundu wambiri n'kugwa mvula yoti msewu wa ku Kachulu usadutsike, watsala naye. Ndiye sindikumunyoza. Nayenso akubetcha.

Koma pali ena amene amabisala kumbuyo kwa mabaluni. Pepala lolembedwa kuti mitengo yatsika silitanthauza kuti yatsikadi ngati sukudziwa mtengo wa mwezi watha. Nyengo ino ndi imenenso katundu wokhalitsa pa shelefu amatulukira, makamaka mabisiketi, majuwisi ndi mkaka wa ufa, chifukwa pa chipwirikiti palibe amene amatembenuza paketi kuti aone tsiku lothera ntchito. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi la Competition and Fair Trading Commission ndi omwe ali ndi udindo pa zimenezi, ndipo ukhoza kukadandaula kumeneko, koma maofesi awo ali kutali ndi doko. Paketiyo ili m'manja mwako, ndipo pansi pa magetsi ofiira ndi obiriwira manambala aja saoneka bwino. Yatsa tochi ya foni.

Chinanso chomwe chimandiopsa ndi mawaya. Timagetsi totchipa timalumikizidwa ku batire ndi waya wosenda, womangidwa ndi pepala la pulasitiki, pansi pa denga lodontha, nthawi zina pafupi ndi zigubu za petulo wogulitsa a njinga zamoto. Eni mashopu, chonde, tepi si yodula.

Pa 2 Januwale sipika imabwerera pa shelefu, mabaluni aphwa, ndipo kope la ngongole latsegulidwa tsamba latsopano. Timagetsi tokha ena satichotsa. Amangotizimitsa, n'kutisiya pa windo mpaka Eid.