Kamphete koletsa phokoso pa wailesi ku Makwasa

Namondwe wa Freddy atawomba chigawo chakummwera mu Marichi 2023, magetsi anazima, milatho inakokoloka, ndipo m'madera ambiri mafoni anangoti zii. Thyolo inali m'gulu la maboma okhudzidwa. Pa masiku ngati amenewo, munthu wa ku Makwasa, kufupi ndi chipatala cha Malamulo, atakhala ndi wailesi yolankhulirana, batire ndi waya wautali, akhoza kumveka ku Blantyre popanda nsanja ya foni. Eni wailesi zotere amatchedwa ma ham. Chiphaso chawo chimachokera ku MACRA, ndipo maina oitanirana a kuno kwathu amayamba ndi 7Q.

M'dera la zitunda ndi zigwa ngati la minda ya tiyi, eriyo yothandiza ndi dipole ya 7 MHz: waya wa mamita pafupifupi 20, wodulidwa pakati, womangidwa motsika kuti mafunde akwere kumwamba n'kugweranso kuseri kwa phiri. Vuto limayambira pakati pomwepo. Mikono iwiri ya dipole ndi yofanana, pomwe chingwe cha coax chili ndi waya wamkati ndi ukonde wokuta kunja. Mukangolumikiza, mphamvu ina imathawira kunja kwa ukondewo, chingwe chonse n'kusanduka eriyo. Maikolofoni imayamba kuluma milomo. Choipa kwambiri n'chakuti phokoso la inveta ya sola, matchaja a foni ndi mababu a LED limakwera ndi chingwecho mpaka kukwirira mawu a mnzanu wakutali.

Mankhwala ake ndi balun. Amene anaonapo kachipangizo kolumikizira waya wafulati wa eriyo ya TV yakale ku coax, anaigwirapo kale: kaja ndi ka 4:1, kamatsitsa ma ohm 300 kufika 75. Koma dipole ili pafupi ndi ma ohm 50 a coax, ndiye imafuna ya 1:1. Kugula ya 4:1 poganiza kuti nambala yaikulu ndiye mphamvu, n'kutaya ndalama.

Mitundu yake ilipo iwiri yodziwika. Wa Gustav Guanella, wa mu 1944, umafananitsa mphamvu yoyenda m'mikono yonse iwiri. Wa Ruthroff, wa mu 1959, umafananitsa ma volt. Pa Makwasa ine ndingasankhe wa Guanella mosazengereza. Pamalo otsetsereka, mkono wina uli pafupi ndi bulugamu, wina pamwamba pa denga la malata, eriyo singakhale yolingana, ndipo wa Ruthroff umasiya mphamvu yothawa ija ikuyendabe.

Kupanga wa Guanella n'kosavuta. Mumakulunga coax yopyapyala maulendo 10 mpaka 12 pa mphete ya ferrite ya FT240. Ya mix 31 imachita bwino pa 3.5 ndi 7 MHz, ya mix 43 pa 14 MHz kupita m'mwamba. Timphete tachikasu ndi toyera tochotsa m'makompyuta akufa tisakunyengeni, n'taufa wachitsulo ndipo sititchinga mokwanira. Ena amangokulunga coax pa paipi ya pulasitiki. Njirayi imagwira pa bandi imodzi, pa ina ikhoza kuwonjezera vutolo.

Nanga mudziwa bwanji kuti yagwira? Mita ya SWR singakuuzeni, chifukwa imaona zam'kati mwa chingwe zokha. Pamafunika NanoVNA, kamakina kolowa m'thumba la malaya. Mukakakonzekeretsa, mumalumikiza ukonde wa mbali imodzi ku doko loyamba, wa mbali inayo ku doko lachiwiri, n'kuwerenga S21, nambala yoonetsa mmene mphamvu yatsikira podutsa mu ukondewo. Kutsika kwa 20 dB kukutanthauza kutchinga kwa ma ohm 900, kwa 30 dB ndi pafupifupi 3,000. Katswiri wa ku America, Jim Brown, K9YC, amalimbikitsa 5,000. Onani bandi iliyonse yomwe mugwiritse ntchito, chifukwa zolembedwa pa kabokosi ka wogulitsa sizinena kuti anayezera pati. Kenaka tumizani mawu kwa mphindi zingapo, zimitsani, mukhudze mpheteyo. Ikatentha kwambiri, ndiye kuti ikuchepa.

Chotsala ndi mvula ya ku Thyolo ndi chifunga cha chiperoni. Madzi akalowa mu coax, ukonde umada n'kuyamba kudya mphamvu. Matani polumikizira ndi tepi ya labala, kabokosi kosungiramo balun mukaboole kabowo pansi, ndipo mabingu akayamba, chingwe chichoke ku wailesi.