Kompyuta sikumbukira adaputa yanu ya dzulo

Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri kwa anthu amene aika Linux pa kompyuta ndi lakuti kaadaputa ka Wi-Fi kolowetsa pa USB kamagwira bwinobwino, koma akazimitsa makina n'kuyatsanso, netiweki zii, mpaka alembenso lamulo lija anawauza mnzawo. Amati kompyuta yaiwala. Siinaiwale ayi, poti sinasunge kanthu. Ikangoyaka imayambiranso kufunsa chipangizo chilichonse kuti ndi ndani.

Chipangizo cha USB chimayankha ndi manambala awiri, ya kampani ndi ya mtundu wake. Mukalemba lsusb muwaona: 0bda ndi Realtek, 148f ndi Ralink, pomwe 0cf3:9271 ndi chip ya Atheros AR9271. Kernel, phata la Linux, imapereka manambalawa kwa pulogalamu yotchedwa udev, imene imawayang'ana pa mndandanda wa ma driver, mapulogalamu oyendetsa zipangizo. Ntchito yake ili ngati ya mlonda wa pageti wokhala ndi kaundula m'manja: dzina likapezekamo amatsegula, likasowa mudikira panja ngakhale munalowa dzulo.

Mukalemba lamulo lija, modprobe ndi dzina la driver, mwaidzutsa kwa nthawi yokhayo, mpaka makina atazima. Kuti izidzuka yokha, lembani dzina lomwelo m'kafayilo kothera ndi .conf mu /etc/modules-load.d/, kapena mu /etc/modules pa Debian ndi Ubuntu. Mzere umodzi basi.

Komabe ine sindithamangira mzere umenewu, chifukwa driver yoikidwa bwino imadzuka popanda kuuzidwa. Ikakana, pali chimene chaitsekereza, ndipo ndimayamba ndawerenga zimene lamulo la dmesg likunena. Nthawi zambiri vuto limakhala firmware, kapulogalamu kamene driver imayenera kutumiza m'kati mwa adaputa nthawi iliyonse magetsi akalowa. Kakasowa mu /lib/firmware, driver imakhalapo koma adaputa ili gone. Kwa zaka zambiri Debian sinkaika mafayilo oterewa pa diski yake yovomerezeka chifukwa makampani salola anthu kuona m'mene anawalembera, ndipo munthu ankafunika intaneti kuti apeze chomulumikiza ku intaneti. Izi zinasintha ndi Debian 12 mu June 2023.

Nthawi zina wina analemba kale dzina la driver pa blacklist, mndandanda wa ma driver oletsedwa, mu /etc/modprobe.d/ pokonza vuto lina, n'kuiwala. Palinso maadaputa ena a Realtek amene amayamba kudzionetsa ngati CD yokhala ndi driver ya Windows, nambala yake 0bda:1a2b, ndipo sasanduka Wi-Fi mpaka pulogalamu ya usb_modeswitch itawatembenuza.

Chimene chimapweteketsa anthu mutu kwambiri ndi driver yotengedwa pa GitHub n'kumangidwa pamanja. Imagwira ndi kernel yokhayo imene munaimangira. Tsiku limene makina alandira kernel yatsopano, adaputa imasowa, mwiniwake n'kumaganiza kuti yapsa. Mankhwala ake ndi DKMS, imene kampani ya Dell inayambitsa mu 2003: imamanganso driver yokha kernel ikasintha. Ngati Secure Boot ndi yoyatsa, driver yotereyi imafunikanso siginecha, apo ayi kernel iikana.

Adaputa ikaoneka koma osalumikiza, vuto lachoka kwa driver. Onani ngati rfkill sinatseke wailesi yake, kenako mu NetworkManager chongani kuti izilumikiza yokha komanso kuti netiwekiyo ikhale ya aliyense wogwiritsa ntchito kompyutayo. Popanda chachiwirichi, makina angadikire mpaka inu mutalowa ndi pasiwedi yanu, zomwe n'zosathandiza pa kompyuta ya muofesi imene ena amaidalira.

Mavuto ambiriwa amayambira m'sitolo. Dzina la pabokosi silikuuzani chip imene ili m'kati. TP-Link TL-WN722N yoyamba inali ndi AR9271, imene driver yake, ath9k_htc, ili kale mu kernel. Za v2 ndi v3 zili ndi dzina lomwelo koma m'kati muli Realtek RTL8188EUS, imene yavutitsa anthu ambiri. Ine ndimasankha adaputa imene driver yake imabwera ndi kernel, ngakhale ikhale yochedwerapo. Popita kogula nyamulani laputopu yanu, mupemphe wogulitsa kuti muilowetse, mulembe lsusb, kenako muzimitse n'kuyatsanso musanapereke ndalama.