Ntchito Yodzipereka ya Amisiri a Kompyuta: Kodi Alipidwe?

Mphunzitsi wa ku Mitundu amene ali ndi lamya ya m'manja ya mtundu wa Android anyamula m'thumba mwake ntchito ya anthu amene sanawaonepo, ndipo sanawalipirepo ngakhale tambala imodzi. Pakuti kuseri kwa zonse zimene aona pa galasi la lamyayo kuli pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse, imene akatswiri aitcha operating system, ndipo phata lake la Android ndi Linux.

Linux anaiyamba mu 1991 Bambo Linus Torvalds, akali wophunzira pa sukulu yaukachenjede ya Helsinki ku Finland, naiika poyera kuti yense wofuna aitenge, aiwerenge ndi kuikonza. Mu 1993 Bambo Ian Murdock anasonkhanitsa anthu odzipereka kuti aphatikize Linux ndi mapulogalamu ena ambiri, ndipo gulu lawo litchedwa Debian kufikira lero. Pa maziko a Debian ndi pamene Bambo Mark Shuttleworth wa ku South Africa anamangapo Ubuntu mu 2004. Dzinalo ndi umunthu wathu womwewu.

Awerengi asayese kuti nkhaniyi ndi ya kutali. Mu 2001 a bungwe la Baobab Health anaika makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo mu 2006 anayamba kulemba nawo odwala olandira mankhwala otalikitsa moyo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Makina amenewa anakhazikika pa Linux, ndipo Amalawi ndiwo analemba mbali yaikulu ya mapulogalamu ake. Ziwerengero za mwezi ndi mwezi zochokera ku zipatala za Nkhoma, Mitundu ndi Nathenje nazonso zilowa mu DHIS2, pulogalamu yoikidwa poyera imene aitsogolera a sukulu yaukachenjede ya Oslo ku Norway.

Tsono funso nali: chinthu chimene atumikira nacho anthu ochuluka chotere, achisamalira ndani? Anthu a kumudzi adziwa yankho lake pa mjigo. Komiti ya mjigo igwira ntchito mwaulere, isesa pamalopo, isintha timphira totha. Koma chikaonongeka chachikulu pansi, aitana mmisiri wa m'deralo, ndipo iye sabwerera chimanjamanja. Momwemonso ndi mapulogalamu. Kulemba chinthu chatsopano kukoma, ndipo odzipereka sasowa. Kutseka ming'alu ya pulogalamu yakale chaka ndi chaka, kuyankha madandaulo a anthu osayamika, ndiyo ntchito imene munthu wa banja sangaichite kosatha usiku ataweruka.

Mu March 2024 dziko linaona kuopsa kwake. Kapulogalamu kotchedwa xz, kamene kapezeka pafupifupi mu Linux aliyense, kanali m'manja mwa munthu mmodzi wosalipidwa, wotopa. Mlendo wina anadza ngati wothandiza, nakhulupirika kwa zaka ziwiri, ndipo pambuyo pake anabisamo khomo lolowera mbala. Bambo Andres Freund, mmisiri wa kampani ya Microsoft, ndiye anachitulukira, poona kuti makina ake achedwa ndi theka la sekondi. Akadapanda kudabwa ndi kuchedwa kochepa kotero, khomolo likadafika m'makompyuta osawerengeka.

Komabe kulipira kuli ndi mavuto ake, ndipo a Debian anawalawa mu 2006. Akulu ena a gululo, pamodzi ndi mtsogoleri wawo wa chaka chimenecho Bambo Anthony Towns, anasonkha ndalama m'thumba lotchedwa Dunc-Tank kuti alipire anthu awiri, mwezi umodzi aliyense, kuti Debian watsopano atuluke pa 4 December. Yense amene anapitako ku dima adziwa chimene chinatsatira. Anthu abwera ndi makasu awo kudzalimira mnzawo, malipiro awo ndi thobwa ndi nsima; koma akamva kuti awiri pakati pawo alandira ndalama pa mzere womwewo, makasu ayamba kulemera. Odzipereka ena anadandaula poyera, ena anachepetsa ntchito yawo, ena anafuna kuchotsa mtsogoleriyo pa mpando ngakhale kuti voti inakana. Debian uja anatuluka pa 8 April 2007, atachedwa miyezi inayi. Sitinena kuti mkanganowo wokha ndiwo unachedwetsa, pakuti zolakwika zofunika kukonza zinali zambiri; koma ndalamazo sizinagule tsiku limene zinaperekedwera.

Mu 2014 anayesa njira ina imene yakhalitsa. Kampani yaing'ono ya ku France, Freexian, isonkhanitsa zopereka za makampani ogwiritsa ntchito Debian, nilipira amisiri pa ola kuti apitirize kutseka ming'alu ya Debian wakale kufikira zaka zisanu. Kusiyana kwake, monga tionera ife, nkwakuti ndalama zichokera kunja kwa gulu, zilipira ntchito imene odzipereka anali atakhuta nayo kale, ndipo olipidwawo alemba poyera mwezi ndi mwezi chimene achita. Maboma nawo ayamba kulowererapo: Boma la Germany linakhazikitsa thumba la Sovereign Tech Fund mu 2022, ndipo mu 2024 linapereka mayuro 686,400 ku ntchito ya FreeBSD, operating system inanso ya anthu odzipereka.

Kwathu kuno amisiri a mapulogalamu a zipatala akhala akulipidwa, koma makamaka ndi ndalama za abwenzi a kunja. Ntchito imene anaiyamba a Baobab inayenda ndi thandizo la Boma la America kudzera ku CDC, ndipo mu 2019 inapita m'manja mwa bungwe la Elizabeth Glaser. Pamene Boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri la maiko ena mu January 2025, zinaoneka poyera kuti chithandizo chotere chitha kuima ndi kalata imodzi. Ubwino wa pulogalamu yoikidwa poyera ngwakuti wothandiza akachoka sainyamula. Itsala ndi ife, monga mjigo utsala pamudzi oukumba atapita. Chosowa ndicho malipiro a mmisiri, pakuti amisiriwo tili nawo, otuluka ku MUBAS, ku MUST ndi ku Zomba.

Chaka cha ndalama cha Boma chiyamba pa 1 April. Akulu a maofesi polemba zofunika za chaka saiwala mafuta a galimoto, mapepala ndi utoto wa nyumba. Pempho lathu nlakuti pa mndandanda womwewo alembepo mzere wa malipiro a amisiri osamalira mapulogalamu, ndi kuti chimene amisiriwo adzakonza ndi ndalama za msonkho chibwezedwe poyera, kumene tinachitenga.