Kodi mumadziwa?

Anyamata a ku Ghana ovina atasenza bokosi la maliro, otsogoleredwa ndi Benjamin Aidoo, anaonetsedwa pa BBC mu 2017, koma mbiri yawo inafala dziko lonse mu 2020. Anthu ena pa TikTok anayamba kulumikiza kanema wa gule wawoyo kumapeto kwa makanema a anthu ochita ngozi chifukwa cha chibwana, n'kuikapo nyimbo ya Astronomia. Popeza nthabwalayo inkamveka popanda mawu ndipo aliyense ankatha kupanga yake, inafalikira msanga pa Twitter, Facebook ndi WhatsApp. Mliri wa Covid-19 utavuta, apolisi a ku Peru ndi Colombia anatengera gule yemweyo pochenjeza anthu kuti azikhala pakhomo.