Wopulumutsa Naye Amadwala

Mu Januwale 2015, pamene mitsinje ya Shire ndi Ruo inasefukira, anthu a ku Makhanga m'boma la Nsanje anatsala ngati pachilumba, kofikako pa bwato kapena helikopita basi. Tonse tinatamanda asilikali ndi anthu odzipereka a Red Cross amene anathandiza m'chigwa monsemo. Koma kodi tinafunsapo kuti iwowo amawasamala ndani?

Munthu woyenda tsiku lonse m'madzi a chigumula sabwerako yekha. Zimbudzi zikagwa, kolera sakhala patali. Udzudzu wa kuchigwa suopa yunifolomu. Lochenjera koposa ndi likodzo, pakuti limabisala: magazi amadzaoneka m'mkodzo patapita milungu yambiri, mwiniwake ataiwala kale za madziwo. Ndipo onyamula mitembo, monga pa namondwe Freddy mu Malichi 2023, kawirikawiri amasowa tulo.

Owasamala ndiwo anamwino, madokotala ndi alangizi a zaumoyo, amene amathira klorini m'madzi akumwa, kuyeza magazi, kumanga mabala ndi kumvetsera zowawa za mumtima. Makolo, mwana wokhoza sayansi, wowadziwa madambo athuwa, angathe kukaphunzira ntchitoyi ku Trinity, ku Muona, kapena ku Malawi College of Health Sciences ku Blantyre.